Anandisoka ine telala, koma dzanzi silinathe

Abale anzanga, ine ndine telala. Ndakhala pakhonde la sitolo ina ku Limbe kuyambira 1988, ndipo mu 1994 ndinasoka malaya a zipani zonse, achikasu, abuluu ngakhalenso a tambala wakuda, osafunsa kuti mwini wake avotera ndani. Koma lero ndale tiziike pambali. Ndikufuna ndikambe za manja angawa. Lamanja analing'amba kuchipatala mu 2011, lamanzere mu 2013, ndipo aliyense akaona zipsera m'zikhatho mwangamu amafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye munachira?"

Funso limeneli limandivuta. Ndikati inde, ndanama pang'ono. Ndikati ayi, ndanama kwambiri.

Zinayamba mu 2004, ndipo zinkabwera usiku ngati wakuba. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko dzanja lamanja lili ngati si langa, zala zikuyaka ndi kunyerenyetsa ngati mwalowa linthumbu. Ndikalikutumula monga amachitira munthu amene wasamba m'manja popanda chopukutira, zinkaleka. Ndikagona, 4 koloko zayambiranso. Mayi a kunyumba amvekere: "Inu bambo, mumagonera dzanja. Tagonani bwino, anzanu tipumeko."

Patapita chaka zinasiya kudikira usiku. Ndikakwera njinga, zala dzanzi. Ndikagwira nyuzipepala kwa kanthawi, dzanzi. Ndikadula nsalu yolimba ngati ya jinzi ndi sizasi, dzanzi lomwelo. Kukachipatala kena kolipira anati ndi nyamakazi, nandipatsa indosidi. Atatha ndinapitanso, anandipatsanso indosidi. Palibe amene anandifunsa kuti kodi ndi zala ziti zimene zikuchita dzanzi, ndipo inenso sindinkadziwa kuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Kunena zoona ndinalinso ndi mantha anga amene sindinauze munthu. Ife a msinkhu uno tinakula tikuona anthu odwala khate, zala zitatha, ndipo tinkamva kuti zimayamba ndi dzanzi. Telala wa khate ndani angamupatse nsalu? Ndiye ndinakhala chete. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mu 2007 mlamu wanga ananditengera kwa sing'anga. Mkuluyo ananditema mphini pamene timavala wotchipa, napaka zakuda zake, kenako n'kunena kuti: "Pali munthu amene mumagwira naye ntchito imodzi, mumamwa naye tiyi. Akufuna makasitomala anu." Abale, pakhonde pathu tilipo matelala awiri basi. Mnzangayo tinayamba limodzi, ana athu anakulira limodzi. Ndinasiya kumulonjera. Zaka ziwiri zathunthu makina athu ankalira moyandikana, eni ake osalankhulana, iye osadziwa n'komwe chimene walakwa.

Pofika 2009 ululu wa usiku unachepa, ndipo ndinati mphini zija zagwira ntchito. Koma dzanzi tsopano silinkachokanso, usana ndi usiku. Singano inkagwa m'manja ine osamva kuti yagwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kuchepa kwa ululuko sikunali kuchira ayi. Mtsempha unali utatopa kulira.

Amene anandigwira ndi mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo ankaphunzira unamwino. Atabwera kutchuthi anandiona ndikulimbana ndi batani la kolala. Anatenga manja anga onse awiri, nawaika pamodzi zikhatho zili m'mwamba. "Adadi, dzanja ili laphwa liti?" Nditayang'ana ndinaona kuti kanyama kotukuka kaja ka m'tsinde mwa chala chachikulu, kumanzere kali bwinobwino, kumanja kaphwa ngati mpira wotuluka mpweya. Dzanja langa lomwe, koma ndinali ndisanazione.

Kuchipatala chachikulu dokotala wa mafupa anandiuza kuti nditsinzine, nayamba kundikhudza ndi thonje chala chimodzichimodzi. Chala chachikulu, zii. Chamkombaphala, zii. Chapakati, zii. Chala cha mphete ndinamva mbali imodzi yokha, yoyang'ana kunja. Kachala kakang'ono kakumapeto ndiye ndinamva bwino lomwe, ngati ka mwana. Anandiyang'ana khungu thupi lonse kufuna mawanga a khate, sanapeze. Anayeza shuga, analibe vuto. Anandipotokola khosi, palibe. Kenako anagogoda ndi chala pamphini paja, ndipo ndinamva ngati ndagwira waya wa magetsi, mpaka kunsonga za zala. Anatinso ndipinde manja onse awiri, zala ziloze pansi, kwa mphindi imodzi, ndipo zala zakumanja zinayamba kuyaka mphindiyo isanathe. Kuyeza kopinda manjaku ndamva kuti kumadziwika ndi dzina la George Phalen, dokotala wa ku Cleveland ku America amene anatchukitsa matendawa cha m'ma 1950.

Dzina la matendawa ndi carpal tunnel syndrome, ndipo dokotalayo anandifotokozera chonchi. Pamene dzanja limalumikizana ndi mkono pali timafupa 8 timene tapanga kangalande. Pamwamba pa kangalandeko pali kachikopa kolimba kosatamuka, kokhala ngati denga. M'kati mwake mumadutsa zingwe 9 zimene zimakoka zala tikamafumbata, komanso mtsempha umodzi, osati wa magazi koma wonyamula uthenga pakati pa zala ndi ubongo. Dzina lake ndi median nerve. Ndiye tangoganizani minibasi imene kondakitala wapakira anayianayi pampando, wina n'kubweranso ndi thumba la makala. Zingwe zija n'zolimba, zimapirira. Wofinyika ndi mtsempha uja. Umenewu ndiwo umamvetsa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Kachala kakang'ono kali ndi mtsempha wakewake umene sudutsa m'ngalandemo, n'chifukwa chake iko kanalibe mlandu.

Anati matendawa amagwira amayi kuposa abambo, makamaka oyembekezera, komanso anthu a shuga, onenepa kwambiri, a nyamakazi yotupitsa mfundo, ndi ogwira ntchito zofinya mwamphamvu kapena makina onjenjemera. Mwa ambiri chifukwa chenicheni sichipezeka. Za mnzanga wa pakhonde uja sanatchule.

Pamenepo ndi pamene ananena mawu amene ndikufuna muwamve bwino, chifukwa ine ndinamva theka lokha. Anati: "Bambo, ife tidula kadenga kaja kuti mtsempha upume. Ululu wa usiku kawirikawiri umatha msanga. Koma dzanzi lanuli lakhalitsa, ndipo dzanja layamba kuphwa. Ife timachotsa chimene chikupana mtsempha, mtsempha watsopano sitiika. Mwina libwerera lonse, mwina pang'ono." Ine ndinagwedeza mutu, koma m'mtima ndinali nditasoka kale suti ya munthu wochira.

Opaleshoni yeniyeniyo si nkhani yaitali. Chinali chaka chija cha mizere ya mafuta, moti kupeza minibasi yopitira kuchipatala kunavuta kuposa opaleshoniyo. Sanandigoneke tulo. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, ine n'kuseka kuti dzanzi ndabwera nalo kale, kenako anang'amba pachikhatho pafupifupi inchi imodzi ndi theka. Theka la ola lisanathe anali akusoka. Ndinasuzumira ntchito yawo ngati mmisiri mnzawo. Mzere wake unali wokhota pang'ono, koma mfundo zake zinali zogwira. Tsiku lomwelo ndinabwerera kunyumba, ndipo ulusi anachotsa patapita milungu iwiri.

Usiku woyamba ndinagona mpaka dzuwa kulowa pawindo. Tinyerere tija timene tinkandidzutsabe apo ndi apo tinapita, ndipo kuyambira 2011 mpaka lero sitinabwerenso. Zimenezi zokha n'zokwana kuthokozera Mulungu. Munthu amene sanasowepo tulo zaka 7 sangamvetse.

Koma nditamasula bandeji n'kukhudza bulangeti, zala zinali chimodzimodzi. Zii.

Ndinakhumudwa zedi. Kuwonjezera apo chikhatho chinkapweteka mbali zonse ziwiri za chipsera ndikatsamira patebulo kapena kukankha chitseko, ndipo dzanja linalibe mphamvu. Sizasi ndinaigwira bwino patatha miyezi itatu. Milungu isanu ndi umodzi yoyamba sindinalowetse ngakhale tambala, tinkadya za mandasi a mayi a kunyumba. Achibale anayamba zawo zija: "Tinanena ife, dzanja sang'amba. Aona, alipha."

Nditabwerera kwa dokotala ndi nkhope yoipa, anandikumbutsa mawu ake aja, nandipatsa fanizo. Anati mukaika njerwa pa kapinga kwa mlungu umodzi n'kuichotsa, udzu umakhala wachikasu koma posachedwa umabiriwira. Njerwayo ikakhala zaka, mukachotsa mupeza dothi lokhalokha, ndipo udzu uyenera kuchita kuyanga kuchokera m'mbali, mwinanso osadzaza ponse. Mtsempha wofinyika pang'ono umangokomoka, ukamasulidwa umatsitsimuka m'masiku ochepa. Wofinyika nthawi yaitali tiulusi take tina timafa, ndipo timayenera kumeranso kuchokera pamene panafinyika paja mpaka kunsonga. Timamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, kapena tinene inchi imodzi pamwezi.

Zimenezo ndiye zanga, za mainchi. Ndinavula tepi m'khosi n'kuyeza kuchokera pa wotchi mpaka kunsonga ya chala chapakati. Mainchi 7. Ndinalemba ndi choko pakhoma, n'kumafufuta imodzi mwezi ukatha.

Ndipo zinthu zinayambadi kusintha, pang'onopang'ono ngati mlandu wa kukhoti. Poyamba kunabwera kunyerenyetsa kwina kwachilendo, kumene dokotala anati ndisaope, ndi mtsempha ukudzuka. Chala cha mphete chinabwerera chonse. Chala chachikulu chinabwerera kwambiri ndithu. Miyezi 7 ija itatha ndinaonabe kusintha, mpaka chaka ndi theka. Kenako zinaima. Pamene zinaima mu 2012 ndi pamene zili lero, zaka zoposa 10 zitadutsa, osabwerera m'mbuyo, osapitanso patsogolo.

Tsono ndikuuzeni chimene chinatsala, chifukwa anthu amaganiza kuti dzanzi ndi kusamva kalikonse. Ayi. Nsonga ya chala chamkombaphala ndi chapakati zimamva, koma ngati ndazikulunga m'pepala la pulasitiki la shuga. Mukandigwira ndidziwa kuti mwandigwira. Mukanditsina ndimva kuwawa. Chimene chinatayika ndi nzeru ya chala. Kale ndinkatha kutsinzina n'kukuuzani kuti iyi ndi nsalu ya thonje lenileni, iyi ndi yosakaniza, chitenje ichi achithira sitachi kuti chioneke cholemera koma chikangochapidwa kamodzi chikhala sefa. Makasitomala ankandibweretsera nsalu asanagule kuti ndiwagwirire. Lero dzanja lamanja nsalu zonse limati ndi nsalu basi, ndipo ntchito yoweruzayo ndinaipereka kumanzere.

Singano ikagwa pansi sindingaitole ndi zala ziwirizi pokhapokha ndikuiyang'ana. Ndinachotsa maginito m'sipika yakale ya wailesi, ndiyo imanditolera. Kulowetsa ulusi ndimatha ngati kukuwala, koma kukayamba kuda ndimaitana mdzukulu. Ndikapisa m'thumba sindisiyanitsa batani ndi ndalama yachitsulo, ngakhale kuti masiku ano batanilo ndiye lingakhale la mtengo. Ndalama zatsopano zomatana ndimawerenga kawiri.

Choopsa ndi moto. Kutentha kumafika mochedwa, ngati kalata ya kumudzi. Ndapsapo ndi simbi ya makala kangapo, ndikamamva n'kuti thuza latuluka kale. Nsima yochokera pamoto ndimayamba kuiyesa ndi kachala kakang'ono kaja ndisanateme mbamu, ndipo alendo amandiyang'ana modabwa ngati ndikuchita mwambo wina. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika, zala ziwirizi zimazizira msanga kuposa zinzake ndipo zimalemera ngati zobwereka. Kanyama kaja kanabwerera pang'ono chabe, moti botolo lothina amatsegula ndi mayi a kunyumba.

China ndi chaching'ono koma chimandikhudza. Mdzukulu akadwala n'kunena kuti "Agogo, tandigwirani ngati ndatentha," ndimatambasula dzanja lamanja monga mwa chizolowezi, kenako n'kulibweza, n'kupereka lamanzere.

Lamanzereli nkhani yake ndi yaifupi. Linayamba kundidzutsa usiku kumayambiriro kwa 2013. Ulendo uno sindinapite kwa mlamu. Dokotala anandipatsa chomangira dzanja choti ndizigona nacho kuti lisamapindike. Chinathandiza miyezi iwiri, kenako zinabwerera. Miyezi 6 isanathe anali atang'amba. Dzanzi linali lisanakhazikike, linkabwera n'kupita, ndipo kanyama kanali kosaphwa. Milungu ingapo chabe zonse zinatha, ndipo lero kupanda chipsera sindikanakumbuka n'komwe kuti linadwalapo. Dokotala yemweyo, chipinda chomwecho, munthu yemweyo. Chosiyana n'chakuti lina linadikira zaka 7, lina miyezi 6. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo ine umboni wake ndimayenda nawo m'matumba awiri a buluku.

Mwana wanga namwino uja, poona kuti ndikudandaulabe, anandiwerengera zimene madokotala a ku Boston ku America anasindikiza mu 2013. Anafunsa anthu 113 amene anachitidwa opaleshoni imeneyi zaka 10 kapena kuposerapo m'mbuyomo. Pa anthu 100 alionse, 74 anati mavuto awo anatheratu, ndipo 88 anati ndi okhutira kwambiri. Mwa onse 113 aja, awiri okha ndiwo anachitidwanso kachiwiri. Mwa amene anatsala ndi kanthu, chodandaula chachikulu chinali kufooka kwa dzanja, kenako kupweteka kwa masana, dzanzi ndi kunyerenyetsa. Ululu wa usiku anali nawo ndi ochepa kwambiri.

Ine sukulu sindinapite patali, koma 88 kuchotsapo 74 ndimatha. Pali anthu 14 pamenepo amene sanachire kotheratu koma akuti bola. Dzanja langa lamanja lili m'gulu limenelo. Lamanzere lili mwa 74 aja.

Anandiwerengeranso za ku Netherlands, kumene mu 2002 anasindikiza zotsatira za odwala 176, ena atapatsidwa chomangira cha usiku, ena opaleshoni. Patapita miyezi 18, a opaleshoni 90 pa 100 anali bwino, a chomangira 75 pa 100, komanso ena mwa a chomangirawo anali atapita kale kukang'ambidwa. Choncho sindikuti aliyense wa dzanzi athamangire mpeni ayi. Ena chomangira chimawakwanira. Ena amabayidwa jakisoni wochepetsa kutupa n'kupeza mpumulo kwa miyezi. Amayi oyembekezera ambiri zimatha zokha akachira. Ndipo si dzanzi lililonse limene lili la ngalande imeneyi: la shuga limakonda kuyambira kumapazi onse awiri, la sitiroko limabwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi ndipo limenelo ndi lothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, la khate kawirikawiri limayenda ndi mawanga otuwa osamva kukhudza, ndipo khatelo mankhwala ake alipo, limachizika.

Ena a ndalama zawo anandiuza kuti ndikanapita kunja, kumene amalowetsa kakamera pakabowo kakang'ono, zala zikanabwerera. Ndinafunsa. Njira imeneyo chipsera chake n'chaching'ono ndipo munthu amabwerera kuntchito msangako, koma denga lodulidwa ndi lomwelo, ndipo pakapita nthawi zotsatira zake zimafanana. Kamera sidzutsa mtsempha wakufa.

Chimene chimandipweteka ndi mbiri yoipa imene dzanja langali lapatsa opaleshoni. Anthu akandiona ndikutola singano ndi maginito amati, "Mwaona, anamulakwitsa kuchipatala." N'zoona kuti mpeni ndi mpeni. Bala likhoza kulowa matenda, chipsera chikhoza kuvuta, ndipo mwa apo ndi apo mtsempha umatha kuvulala kapena denga osadulidwa lonse, moti amene zinthu zikuipiraipira atachitidwa ayenera kubwerera akamuonenso. Koma zanga si zimenezo. Dzanzi langa ndinalowa nalo m'chipinda chija, sindinalitengemo. Ngati pali woti ndimuloze ndi chala chosamvachi, ndi amene anandipatsa indosidi zaka zitatu osandigwira dzanja, mkulu wa mphini uja, komanso ine mwini.

Za mnzanga wa pakhonde. Tinayambiranso kulankhulana mu 2009 pamaliro ena, koma chifukwa chake sindinamuuze. Nditagona kunyumba ndi bandeji mu 2011, ndi iyeyo amene anamaliza suti ya ukwati imene ndinasiya theka, n'kundibweretsera ndalama yonse, kuwonjezapo paketi ya shuga. Tsiku limenelo ndinaulula za sing'anga zija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati: "Achimwene, ine kulodza inu? Nanga sizasi ndizibwereka kwa ndani?" Anaseka, koma m'maso mwake munali misozi. Ine sindinaseke.

Tsopano chaka chathachi ndinayamba kumuona m'mawa akafika, asanavundukule makina, akukutumula dzanja lamanja. Kukutumula kumene kuja. Ndinamufunsa ngati amagona bwino, anati amagonera dzanja. Ndinatenga kansalu, ndinamuuza atsinzine. Chala chachikulu anati akumva patali. Chamkombaphala, patali. Kakang'ono kakumapeto, bwinobwino.

Ndinamuonetsa manja anga onse awiri, ndinamufotokozera za minibasi, za njerwa ndi za mainchi 7. Anamvetsera ndithu. Kenako anati apita, koma adikire kaye mayunifomu a Sepitembala athe, poti milungu isanu ndi umodzi osasoka adya chiyani. Sepitembala atatha anati madiresi a Khrisimasi. Dzana anandiuza kuti masiku ano kukumapweteka pang'ono usiku, mwina zikutha zokha.

Ndinamugwira dzanja n'kuyang'ana m'tsinde mwa chala chachikulu. Kanyama kaja kakadalipo. Ndamuuza kuti Lolemba sindivundukula makina, ndimuperekeza, ndipo makasitomala ake ndidzawasokera ine mpaka ulusi atachotsa. Wati tiona Lolembalo.